Vanishi sabisa kanthu: kukonza thabwa ndi kusankha chopaka kuno ku Dedza

M'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Chimbiya, kudutsa pa boma la Dedza mpaka kukafika ku Lizulu, simusowa mabedi, makabati ndi zitseko zoyalidwa panja zili nyezinyezi padzuwa. Katundu yemweyo mukamuone patatha miyezi itatu ali m'nyumba: tebulo lang'aluka polumikizira, chitseko chikukana kutsekeka, pa mfundo patuluka utomoni, vanishi wayera mbuu. Ogula amati vanishiyo anali wachinyengo. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri chitini chimakhala chosalakwa. Cholakwika chimachitika bulashi isanaviikidwe n'komwe, chifukwa vanishi ali ngati galasi: chilichonse chimene mwasiya pathabwa, iye amachionetsa mokulitsa.

Thabwa liyambe lauma

Matabwa ambiri a kuno ndi a paini wochokera m'nkhalango zobzalidwa monga ya Chongoni ndi ya m'phiri la Dedza, ndipo ambiri amafika pamsika atachekedwa sabata yomweyo. Thabwa lotere limalemera, limazizira mukaligunditsa patsaya, ndipo puleni ikadutsa imatulutsa zopala zonyowa, zaubweya, m'malo mwa zopiringizika zouma. Likalowa m'nyumba limapitiriza kutaya madzi, n'kumachepa m'lifupi mwake. M'litali silisintha kwenikweni, n'chifukwa chake ming'alu imatsata polumikizira. Madzi otsekeredwa pansi pa vanishi kapena penti amafuna potulukira, ndiye amatukula chopakacho n'kuchisupula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Thabwa la katundu wa m'nyumba limafunika litatsala ndi madzi okwana magawo 12 pa 100 aliwonse kapena kuyandikira pamenepo. Kachipangizo koyezera madzi m'thabwa ndi amisiri ochepa amene ali nako, koma sikelo yogulitsira mbatata ya kachewere imagwira ntchito yomweyo. Dulani chidutswa cha theka la mita kuchokera pathabwa la pakati pa mulu, chiyezeni, lembani kulemera kwake ndi tsiku pachidutswa pomwepo, n'kuchibwezera m'mulumo. Muziyeza sabata iliyonse. Kulemera kukaima malo amodzi kwa masabata awiri kapena atatu otsatizana, matabwawo auma mmene mpweya wa kwanuko ungawaumitsire.

Kaunjikidwe kake ndi aka. Mulu uyambire pamwamba, masentimita 30 kapena kuposerapo kuchoka pansi, pamalo a denga koma opita mphepo. Pakati pa mzere uliwonse wa matabwa ikani timitengo touma tokhuthala mamilimita 20 mpaka 25, motalikirana theka la mita, ndipo kamtengo kalikonse kakhale molunjika pamwamba pa kanzake ka pansi. Tikasemphana, matabwa amauma atapindika ngati uta. Pamwamba tsinjikani ndi njerwa. Kumapeto kwa matabwa pakani penti wotsala aliyense, chifukwa kumeneko madzi amatuluka mofulumira kuposa pakati ndipo ndi kumene ming'alu imayambira. Paini wokhuthala inchi imodzi amatha kuuma m'miyezi iwiri kapena itatu m'chilimwe, koma nthawi ya dzinja musawerengere masiku, dalirani sikelo. Mitengo yolimba imatha chaka pa inchi iliyonse. Zoimika matabwa padzuwa motsamiritsa kukhoma zimaumitsa kunja kokha, thabwa n'kukhota ngati ngalande.

Paini wosanjikizidwa ali wamuwisi popanda timitengo amachita mawanga obiriwira modera. Ndi chuku chimene chalowa m'kati mwenimweni. Sichifooketsa thabwa, koma ngakhale mukweche tsiku lonse sichichoka. Thabwa lotero lisungireni ntchito ya penti.

Mtengo uliwonse ndi khalidwe lake

Paini ndi wofewa, amabonyoka ndi chikhadabo chomwe, ali ndi mfundo zambiri za utomoni, ndipo amamwa mtundu mosalingana. Bulugamu ndi wolimba koma wamakani pouma: amang'aluka, amapotoka, ndipo akakumana ndi msomali wachitsulo pamalo achinyezi amatulutsa banga lakuda bii mozungulira msomaliwo. Malaina amapalika bwino ndipo akauma sasuntha, koma amasunga madzi m'kati nthawi yaitali kunja akuoneka ngati wauma. Mbawa ili ndi mizere yolukanalukana, moti puleni imasalaza mbali ina uku ikuzula mbali ina, komanso ili ndi timabowo tambiri timene timameza vanishi woyamba. Mlombwa ndiye wofatsa kuposa yonse, suchepa kwambiri pouma, koma mbali yake yoyera ya kunja imafumbwa msanga ngakhale mtima wake wofiirira uli wolimba. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yotetezedwa, choncho gulani kwa amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango.

Puleni, sikirepa, kenako sandipepa

Sandipepa sawongola thabwa. Amatsatira zitunda ndi zigwa zimene wapeza, n'kuzisalaza zili chomwecho. Kuwongola ndi ntchito ya puleni yakuthwa, yotulutsa mpeni pang'ono, yoyenda motsata mizere. Ikayamba kuzula, tembenuzani thabwa muyambire mbali inayo. Matabwa opalidwa pamakina amakhala ndi timafunde ting'onoting'ono todutsa chopingasa, timene maso sationa mpaka vanishi atalowa. Tiyang'aneni m'mawa kapena madzulo, dzuwa likuwomba cham'mbali, kapena gonekani tochi pathabwa. Pa mbawa yozuka gwiritsani ntchito sikirepa, kachitsulo kafulati kopalira thabwa. Chidutswa cha galasi losweka chimene amisiri ambiri amapalira chimagwiradi ntchito, bola m'mphepete mwake mukhale mowongoka ndipo musachisiye mu utuchi mmene ana amasewera.

Pobonyoka, pamene thabwa langodinda koma silinadulike, pali mankhwala ake apafupi. Donthezani madzi pamalopo, yalani kansalu konyowa, n'kusindikiza ndi simbi ya makala yotentha kwa kamphindi. Nthunzi imafufumitsa pobonyokapo n'kubwerera m'malo. Bwerezani kawiri kapena katatu, musiye paume.

Manambala a kuseri kwa sandipepa amanena kukula kwa mchenga wake: nambala yaing'ono ndi yokhakhala, yaikulu ndi yosalala. Thabwa lopalidwa bwino yambani ndi 80 kapena 100, kenako 120, n'kumalizira 180. Loti lipakidwe penti lingathere pa 120 kapena 150. La mafuta kapena phula pitirizani mpaka 220. Nambala iliyonse ntchito yake n'kufufuta mikwingwirima ya inzake yapitayo, ndiye mukadumpha kuchoka pa 80 kufika pa 180 mikwingwirima ya 80 imatsala, ndipo imadzaonekera bwinobwino mtundu ukalowa. Kuti mudziwe ngati mwamaliza, lembani mizere yopepuka ya pensulo thabwa lonse musanayambe nambala iliyonse. Pensulo ikatha paliponse, sinthani nambala.

Kulungani sandipepa pa kathabwa kafulati kokwana m'dzanja. Zala zokha zimakumba mbali zofewa za paini n'kusiya zolimba zitatukuka. Kwechani motsata mizere nthawi zonse, osati mozungulira ngati mukutsuka mphika. Ngodya zakuthwa zidutseni kawiri kapena katatu kuti zifooke pang'ono, chifukwa chopaka chilichonse chimathawa pangodya yakuthwa ndipo kusupuka kumayambira pomwepo. Makabati ndi mashelefu ndi bwino kukwecha m'kati mwake musanalumikize. Fumbi la matabwa, makamaka la mitengo yolimba, si la m'mapapo: valani chotchinga kukamwa ndi mphuno.

Guluu ndi mdani wobisalira. Guluu woyera amene wafinyika polumikizira akapukutidwa ndi nsalu yonyowa amangopakika ponseponse, n'kutseka timabowo ta thabwa. Mtundu ukadzafika pamenepo sulowa, pamatsala chigamba choyera. Musiyeni kwa theka la ola kuti alimbe ngati mphira, mumuchotse ndi tchizulo, kenako mupale. Misomali ikhomereni m'kati mamilimita awiri. Utuchi wosakaniza ndi guluu umatseka maenje ndithu, koma sumwa mtundu ngati thabwa, ndiye ngwabwino pansi pa penti kapena pamalo obisika. Pantchito ya vanishi, mabowo aang'ono atsekeni ndi wood filler (phala lotsekera mabowo a thabwa) wa mtundu wofanana, ndipo dzenje lalikulu lidulireni kachigamba ka thabwa lomwelo.

Mfundo za paini zimafuna chisamaliro chapadera, makamaka pansi pa penti woyera. Utomoni umasungunuka kukatentha, n'kuboola penti ngati madontho achikasu. Palani utomoni woonekera, pukutani ndi kansalu ka tapentaini (mankhwala osungunulira vanishi ndi penti wa mafuta), ndipo pakauma pakanipo knotting kawiri. Knotting ndi utomoni wouma wotchedwa shellac wosungunulidwa mu sipiliti, amauma m'mphindi zochepa. Mfundo yakuda yogwedera igogodeni ituluke, mutseke ndi chigamba.

Musanapake chilichonse sesani, dikirani fumbi likhazikike, kenako pukutani thabwa ndi nsalu yoyera yonyowetsedwa pang'ono ndi tapentaini. Kunyowa kumeneku kumaonetsa mmene thabwa lidzaonekere ndi vanishi, ndipo guluu wotsala ndi mikwingwirima zimaonekera pompo, nthawi yokonza ikadalipo.

Funsani kumene katunduyo akakhale

Chopaka chisankhidwe potengera kumene chinthucho chikagwire ntchito, osati kuwala kwake pamsika.

Tebulo lodyera, mabenchi a m'kalasi, kauntala ya m'golosale, zonse zimene zimakumana ndi madzi, mbale zotentha ndi zigongono, zimafuna vanishi wa polyurethane, makoti atatu, kutanthauza kupaka katatu. Ndi wolimba ndipo salola madzi, koma amachedwa kuuma ndipo akakandika n'kovuta kukonza malo amodzi okha. Wowala kwambiri amaonetsa chilema chilichonse. Wowala pang'ono amakhululuka, koma mumutakase bwino chifukwa chimene chimachepetsa kuwalako chimakhala pansi pa chitini.

Lacquer, chopaka china choonekera ngati vanishi, ndi mnzake sanding sealer, woyambira kutseka timabowo ta thabwa, amakondedwa m'mashedi chifukwa chouma msanga: theka la ola mwayamba kale kukwecha. Amasungunulidwa ndi thinazi, ndipo amakoma popopera kusiyana ndi bulashi. Pa bedi, kabati ndi mafelemu a zithunzi ali bwino. Kapu ya tiyi wotentha imasiya mkombero woyera pa lacquer, choncho patebulo lodyera ayi. Chizolowezi chopaka sanding sealer wochindikala kenako polyurethane pamwamba n'chimene chimasupula vanishi ngati khungu la njoka, chifukwa sealer wotere ndi wofewa ndipo anapangidwira lacquer. Ngati chitini sichikunena kuti awiriwo amagwirizana, tsekani thabwa ndi vanishi yemweyo wosungunula.

Chilichonse chokhala panja, monga mafelemu a mawindo, fishabolodi, geti ndi chitseko choyang'ana kumvula, chipakeni penti wa mafuta. Pano tinene mosapsatira: vanishi wamba panja ndi kutaya ndalama. Dzuwa limadutsa m'vanishi n'kuwononga thabwa la pansi pake, vanishi n'kusowa pogwira, ndipo pa boma la Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, dzuwa limaluma kwambiri ngakhale mphepo ikuzizira. Penti amatchinga dzuwalo. Ndondomeko yake ndi primer wa matabwa (penti woyamba wogwira pathabwa) kamodzi, andakoti (penti wapakati) kamodzi, gulosi (penti wowala womalizira) kawiri, kusiya usiku wathunthu pakati pa koti iliyonse. Penti wamadzi wa pakhoma si primer. Mwini nyumba akaumirira kuti mlombwa wake uzioneka, gulani vanishi wolembedwa kuti ngwa panja, mupake makoti anayi, ndipo mumuuziretu kuti chaka chilichonse kapena ziwiri azidzakwecha n'kuwonjezera koti, asanayambe kung'aluka.

Chitseko chili ndi mbali 6, osati ziwiri. Kumwamba ndi kunsi kwake ndiye kumamwa madzi ngati bango, ndipo ndi kumene amisiri amaiwala chifukwa sikuoneka. Chitseko chimene chimatseguka bwino mu Okutobala n'kumakakamira mu Febuluwale chimakhala chamwera kunsiko. Chigwetseni pa mahinjesi, mupake kunsi ndi kumwamba katatu. Tebulo nalonso lipakidwe kunsi kwake ngakhale kamodzi, apo ayi mbali imodzi imamwa chinyezi inayo ili yotseka, thabwa n'kupindika.

Ziboliboli ndi zosema, monga zimene zimatchukitsa Mua kumunsi kwa phiri, sizifuna chikopa chochindikala chimene chimakwirira mizere ya mpeni. Zimakoma ndi mafuta opaka matabwa otchedwa linseed kapena phula lopukutidwa ndi nsalu mpaka kuwala. Mafuta apakeni, mudikire mphindi 15 mpaka 20, n'kupukuta onse otsala pamwamba mpaka nsalu izituluka youma. Otsalira sauma, amananda masabata ambiri. Bwerezani mawa lake, katatu. Polishi wa nsapato amene ena amadetsera zosema amapereka mtundu koma sateteza kumadzi.

Zogwira chakudya, monga mthiko, chipande, mtondo ndi thabwa lodulirapo nyama, zisapakidwe vanishi kapena linseed wophika, amene amathiridwa mankhwala ofulumizitsa kuuma. Zisiyeni chomwecho, kapena pakani liquid paraffin wa kufamase wosakaniza ndi phula la njuchi. Ameneyu si palafini wa nyali, chonde. Mafuta ophikira amadzanunkha pakapita nthawi.

Mitengo ya denga ndi mizati ndi nkhani ya chiswe, osati ya kukongola. Imafuna mankhwala oteteza matabwa, opakidwa mowolowa manja mtengo utauma, makamaka modulidwa ndi mobooledwa. Creosote (mankhwala akuda opaka mizati) komanso oyilo wakuda wa galimoto zisayandikire katundu wa m'nyumba: zimanunkha, zimadetsa zovala, n'zoipa pakhungu, ndipo penti sadzagwiranso pamenepo.

Kupatsa paini mtundu wa mbawa

Ogula ambiri amafuna paini wofiirira. Stain, chopaka chopatsa thabwa mtundu, akapakidwa pa paini wosakonzeka amatuluka mawangamawanga, kwina bii kwina mbee, chifukwa mbali zofewa ndi zozungulira mfundo zimamwa kwambiri. Yambani mwapaka vanishi wosungunuka kwambiri, muyezo umodzi wa vanishi pa miyezo iwiri kapena itatu ya tapentaini, auume, mukwechepo pang'ono ndi 220, kenako stain. Pakani ndi nsalu chigawo chimodzi nthawi imodzi, n'kupukuta wotsala asanaume. Kumapeto kwa thabwa kumada kuposa pena paliponse, choncho kukwecheni mpaka 220 ndi kukutseka kawiri. Yesani kaye ndondomeko yonse, mpaka vanishi womaliza, pa chidutswa cha thabwa lomwelo, ndipo ngati n'kotheka wogula achione. Kuthira mtundu wambiri m'vanishi momwemo kumafulumira, koma paliponse pamene bulashi yadutsa kawiri pamada, ndipo pokandika pamatuluka paini woyera.

Kapakidwe ndi nyengo ya kuno

Lita imodzi ya vanishi imakwana masikweya mita 10 mpaka 12 pa koti imodzi. Chitseko wamba, mbali zonse, ndi masikweya mita pafupifupi atatu ndi theka, kutanthauza kuti makoti atatu amatha lita yathunthu. Wokuuzani kuti lita imodzi wamalizira zitseko zinayi, wathira madzi mumkaka.

Koti yoyamba isungunuleni: muyezo umodzi wa tapentaini pa miyezo 9 ya vanishi, kuti alowe m'thabwa. Tapentaini ndi wa vanishi ndi penti wa mafuta, thinazi ndi wa lacquer. Petulo ndi palafini musayese n'komwe. Takasani ndi kamtengo pang'onopang'ono osakhutchumula chitini, kuopa thovu. Thirani wokwanira ntchitoyo m'kachitini kena koyera kuti fumbi la pabulashi lisabwerere m'chitini chachikulu. Viikani gawo limodzi mwa magawo atatu a ubweya wa bulashi, yalani mopyapyala, n'kumalizira ndi mikwapulo yaitali yopepuka motsata mizere. Mukadutsa, mwadutsa: vanishi amene wayamba kugwira mukamubwerera amasunga mizere ya bulashi. Chilichonse chimene chingagonekedwe chipakeni chogona, chifukwa choimirira chimayenderera misozi.

Ikauma koti yoyamba imakhakhala. Si vuto, ndi ubweya wa thabwa umene waimirira. Kwechani mopepuka ndi 240 kapena 320 mpaka pasalale see, pukutani fumbi, pakani yachiwiri yosasungunula. Sandipepa ndiye mboni ya kuuma: akatulutsa ufa woyera, pauma. Akamata timibulu, dikiraninso tsiku lina, ngakhale chitini chitati maola 24 akwana.

Maola olembedwa pachitini amawerengera malo ofunda. Ku Dedza, ku Bembeke ndi ku Tsangano, usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo pamenepo vanishi wa mafuta amangokhala osauma. Tsiku la chifunga kapena la mvula yowaza musatsegule chitini. Lacquer ndiye amavutika kwambiri: thinazi akamauluka amaziziritsa pamwamba, chinyezi cha mumpweya n'kukhazikikapo, katundu yense n'kuyera ngati wathiridwa mkaka. Zikatero dikirani tsiku lofunda, mupopere koti ina yopyapyala yokhala ndi thinazi wambiri, kuyerako kumasungunuka. Nthawi yabwino yopaka m'miyezi yozizira ndi kuyambira 9 koloko m'mawa, mame atauma, mpaka cha m'ma 2 koloko masana, kuti pofika madzulo pamwamba pakhale patagwira. Kuotcha mbaula pafupi kuti katundu aume msanga n'kuitana moto, chifukwa mpweya wa thinazi umayaka ngakhale lawi lili patali.

Kumunsi, ku Golomoti, Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje, vuto ndi losemphana. Mu Okutobala vanishi amagwira bulashi isanamalize mzere. Pakani m'mamawa, pamthunzi, ndipo wonjezerani tapentaini pang'ono. Padzuwa musapake kulikonse, chifukwa mpweya wa m'timabowo ta thabwa ukatentha umatuluka n'kusiya matuza. M'miyezi ya mphepo ndi fumbi, wazani madzi pansi m'shedi ndipo tchingani mbali yochokera mphepo ndi pulasitiki.

Kupakanso katundu wakale

Dziwani kaye chimene chilipo. Pamalo obisika pakani thinazi ndi kansalu: chikasungunuka msanga ndi lacquer, chikangokhwinyata kapena osasintha ndi vanishi. Lacquer pamwamba pa vanishi amamudya n'kumukwinyitsa, ndiye musawasanjikize motero. Katundu amene wakhala akupukutidwa ndi polishi wa pansi ali ndi phula, ndipo vanishi watsopano amathawa pamenepo n'kusiya timaenje ngati maso a nsomba. Tsukani ndi tapentaini kawiri, kusintha nsalu, musanagwire sandipepa, chifukwa kukwecha koyambirira kumangolowetsa phulalo m'kati. Vanishi wakale akakhala wogwira bwino, mukwecheni ndi 180 kuti kuwala kuthe, n'kupaka makoti awiri. Wosupuka achoke yense mpaka pathabwa. Penti wa m'nyumba zakale akhoza kukhala ndi mtovu, choncho mukwecheni monyowetsa, ana ali kutali, ndipo musamuwotche.

Nsalu zimene mwapukutira linseed kapena vanishi wa mafuta musaziunjike pakona. Mafutawa akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsalu zofwinyidwa pamodzi pafupi ndi utuchi zimatha kuyaka zokha usiku. Ziyanikeni chotambasula panja, kapena zimizeni m'chitini cha madzi.

Vanishi amene wauma kukhudza sanakhwime. Amatenga sabata kuti apirire ntchito yopepuka, ndipo nyengo yozizira amafika mwezi asanalimbe gwa. Muuzeni wogula kuti masabata awiri oyamba asayalepo nsalu ya pulasitiki kapena kuikapo poto wotentha. Ponyamula pa njinga kapena pa lole, ikani bulangete lakale pansi pa chingwe, chifukwa mphira womangira katundu umadinda mzere pa vanishi wosakhwima, ndipo mzere umenewo suchoka popanda kukwechanso.